Chikwama cha Apongozi Pageti la Boma

Ntchito ya ulonda pa maofesi ena a boma m'tauni ya Chipata anaifunsira anthu makumi anayi, koma wofika pa mayeso otsiriza, oimirira pageti penipeni, anali Alfonsi Mwanza wa ku Chiparamba, munthu woti ukamuuza kuti "dikira pano" udzamupeza pomwepo ngakhale mvula itagwa ndi kukata kawiri. Womuyesa anali a Bizwell Miti, oyang'anira antchito pamaofesipo, bambo oti mawu akatuluka pakamwa pawo sawabweza, ngakhale ataona okha kuti mawuwo alowera kutchire.

"Mwanza!"

"Wawa, bwana!"

"Ola limodzi lokha, kuyambira naini koloko mpaka teni. Mukalondera bwino geti ili, mawa mukuvala yunifomu. Mukalephera, njinga yanu ndi iyo, msewu wa ku Chiparamba mukuudziwa."

"Ndikuudziwa, bwana. Kungoti pafupi ndi kamlatho paja panakumbika, ndiye munthu umayenera kutsika n'kukankha."

"Sindinafunse za kamlatho."

"Pepani, bwana."

A Miti anakonza tayi, nayang'ana pepala lomwe anali nalo m'manja. "Tisanayambe, tandiuzani. Ntchitoyi mukuifuniranji?"

"Ndikufuna kutenga mkazi wanga, bwana."

"Kumutenga kuti? Ali kuchipatala?"

"Ali kwawo, bwana. Inenso ndili kwawo komweko. Chino n'chaka chachinayi ndili pa chikamwini. Mtedza wolima ndi wa apongozi, nyumba zofolera ndi za apongozi, ngakhale tambala wondidzutsa m'mawa ndi wa apongozi. Ndiye iwo anati tsiku limene ndidzapeze ntchito ya yunifomu, ndidzamutenge Lena tikakhale patokha."

"Anzanu onse anayankha kuti akufuna kutumikira dziko."

"Dziko ndilitumikira ndithu, bwana. Koma dziko silinandilonjeze Lena."

A Miti anatsala pang'ono kuseka, koma anakumbukira msanga kuti iwo ndi bwana, ndiye anangotsokomola.

"Malamulo ndi atatu. Loyamba: aliyense wolowa mumufunse dzina, mulilembe m'buku ili. Lachiwiri: chikwama chilichonse mutsegule, muone zimene zili m'kati. Lachitatu: mlonda wa boma sauza mlendo kumene kuli bwana, pokhapokha bwanayo atalola. Mwamva?"

"Ndamva. Aliyense, bwana?"

"Aliyense."

"Ngakhale ansembe a kuparishi kwathu?"

"Ngakhale bishopu."

"Nanga inuyo?"

"Ine ndili kale m'kati."

"Mukatuluka n'kulowanso?"

"Sindituluka! Yambani ntchito."

Ndipo Alfonsi anaiyamba ntchito, abale, mokoma kuiona. Anabwera mphunzitsi wa ku Tamanda ndi chikwama cha mapepala: dzina m'buku, chikwama tsegu, pitani bwino. Anabwera mdala wina wopanda chikwama, Alfonsi anamuzungulira kawiri kuti atsimikize. Kenaka anafika mayi ali ndi khanda kumbuyo.

"Dzina lanu, amayi?"

"Esther Nyau."

"Zikomo. Nanga anzanuwo?"

"Anzanga ati?"

"Ali kumbuyowo."

A Miti anaponya manja m'mwamba. "Mwanza, limenelo ndi khanda!"

"Likulowa, bwana."

"Lili ndi masabata atatu," anatero mayiyo. "Dzina tikalitchula Lamlungu ku ubatizo."

Alfonsi anaganiza kwa kanthawi, nanyambita nsonga ya bolopeni, nalemba mosamala: Mwana wa a Esther, dzina likubwera Lamlungu. A Miti anasuzumira m'bukumo, nagwedeza mutu, koma papepala lawo anachonga. Mumtima ankadziwa kuti mlonda wotere boma silinamuonepo.

Itangokwana hafu pasiti naini, kumsewu kunatulukira mayi wachikulire, wochepa thupi, wa duku yobiriwira, atasenza chikwama chachikulu chamandalasi chija amanyamuliramo katundu anthu apaulendo. A Miti anatembenuka kuti amuuze Alfonsi akonzeke. Pageti panali bolopeni yokha, ikugubuduzika pansi.

"Mwanza? Mwanza! Aaa, munthu uja walowera kuti?"

"Ndili kuno, bwana."

Mawuwo anachokera pansi, kuseri kwa kanyumba ka mlonda. A Miti atazungulira anamupeza Alfonsi atanyonyomala pakati pa khoma ndi mpanda, nkhope italoza kukhoma, buku ali nalo pachifuwa.

"Mukutani kuno? M'mimba?"

"Iyayi, bwana. Ndapatuka."

"Mwapatukira chiyani?"

"Amayi akubwerawo."

A Miti anasuzumira. Mayi uja anali ataima panja pa geti, akuyang'anitsitsa njinga ya Alfonsi yomwe inatsamira mpanda. Ataizindikira anatula chikwama, natembenuka, nakhala pansi chofulatira geti, maso kumsewu.

"Mukuwadziwa?" a Miti anatsitsa mawu.

"Kwambiri, bwana."

"Ndi akuba?"

"Iii, bwana! Musatero, angamve!"

"Ndiye ndi oopsa?"

"Kwa ine, bwana, mu Chipata monse muno palibe wowaposa."

"Ndiitane apolisi?"

"Apolisi adzatani, bwana? Ndi apongozi anga, a Namwale. Amake a Lena."

A Miti anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso, koma zimene anaona sizinasinthe.

"Ndiye mwathawa geti la boma chifukwa cha apongozi."

"Sindinathawe, bwana, ndapatuka. Kwathu mkamwini akaona apongozi panjira amalowa patchire mpaka adutse. Pano tchire munalambula lonse, ndiye ndapeza kanyumbaka."

"Ha! Chaka chino, m'tauni ya Chipata, anthu akadali pa zimenezo? Ine apongozi anga, amake a Molly, timadyera tebulo limodzi. Mpira timaonera umodzi. Ndiko kuphunzira kumeneko, Mwanza. Tulukani!"

"Akadutsa, bwana."

"Sangadutse musanawalembe!"

"Ndiye sindingatuluke."

"Mukapanda kutuluka sadutsa!"

"Eee, bwana, mwaionadi nkhaniyi. Ndi yovuta."

Panjapo anthu anayamba kuchuluka. Poti anawapeza a Namwale atakhala kale pageti, onse anandanda pambuyo pawo mwaulemu, aliyense ndi mapepala ake. A Miti anakweza maso kumazenera a pamwamba, kumene kumakhala akuluakulu kuposa iwo, ndipo thukuta linayamba kuwatuluka m'khosi.

"Chabwino. Lembani dzina lawo muli pomwepo. Mukulidziwa."

"Lamulo loyamba lati ndiwafunse, bwana."

"Afunseni!"

"Sindilankhula nawo. Timalankhulana kudzera mwa munthu."

"Munthu wake uti?"

"Kumudzi amakhala Lena. Kuno..." Alfonsi anatembenuza khosi, nayang'ana uku ndi uku. "Kuno ndikuona inu nokha, bwana."

"Ine? Ine Miti? Ndikhale mesenjala wa munthu wofunsira ntchito?"

"Pafupi pomwepa, bwana. Mapazi khumi okha."

"Bwana inu!" wina anafuula pamzere. "Ife tachokera kutali, dzuwa likuwawa!"

A Miti anakukuta mano, natuluka pageti, naima pambali pa mayi uja.

"Amayi, mlonda akufunsa dzina lanu."

A Namwale anaomba m'manja pang'onopang'ono, maso akadali kumsewu. "Zikomo. Koma kayambeni mwawapatsa moni alondawo. Achoka kumudzi kusanache, sitinadzutsane. Adzuka bwanji?"

"Amayi, pano ndi pa ofesi."

"N'chifukwa chake ndikupereka moni, mwana wanga. Kapena ku boma anthu salonjerana?"

Anthu apamzere anang'ung'udza movomereza. A Miti anatembenuka, nalowanso pageti, akupondetsa nsapato.

"Akuti mwadzuka bwanji."

"Imani kaye, bwana!" Dzanja la Alfonsi linatulukira kuseri kwa khoma. "Mwalowa. Dzina?"

"Mwayamba misala?"

"Munati aliyense. Ndinafunsanso ndithu za inuyo, munati simutuluka. Tsopano mwatuluka."

"Bizwell Miti!"

"Chikwama?"

"Ndilibe!"

"Zikomo, bwana, lowani. Mundibwerekeko bolopeni, yanga yagwera uko. Auzeni kuti ndadzuka bwino, kaya iwo. Muwafunsenso ngati mbuzi ija yotsimphina yadya."

"Mbuzi sindifunsa!"

"Basi moni wokhawo, bwana."

A Miti anatuluka. A Miti analowa. Moni unapita, moni unabwera, ndipo nkhani ya mbuzi a Namwale anaiyamba okha osafunsidwa: yadya, koma ikutsimphinabe. Pofika kota tu teni dzina la Bizwell Miti linali litalembedwa kanayi m'buku la alendo, kuposa munthu wina aliyense chimangidwire maofesiwo.

"Dzina ndalitenga," anatero a Miti, akupuma mwawefuwefu. "Akuti ndi a Vai..."

"Bwana!" Alfonsi anatseka makutu ndi manja onse awiri. "Musalitchule pamaso panga! Nali buku, lembani nokha."

A Miti analanda bukulo, nalemba Vailet Mwale ndi mkwiyo woti bolopeni inaboola pepala, kenaka namubwezera.

"Mudziwenso chimene abwerera," anapitiriza. "Alibe ntchito ndi ofesi iliyonse muno. Akuti abwera kudzaona ndi maso awo ngati mwalembedwa ntchito. Akuti za kumva kwa anthu anasiya kalekale."

Apa mtima wa Alfonsi unagwa. Ankaganiza kuti zikavuta akafika kumudzi madzulo, akamuuza Lena pang'onopang'ono, Lena n'kukawauza amake mawa lake atasankha mawu ofewa. Koma woweruza anali atabwera yekha, wakhala pafumbi, mapazi khumi kuchokera pamene iye anali. Anachita mantha enieni.

"Tsopano chikwama," anatero a Miti. "Lamulo lachiwiri. Ichi chokha sindikuchitirani."

"Chikwama cha apongozi, bwana?"

"Chomwecho."

"Mmene muli zitenje zawo?"

"Kaya muli zitenje, kaya muli bomba, ndi inu mutiuze."

"Bomba mulibe, bwana, ndikulumbira. A Namwale ndi a bungwe la amayi kutchalitchi."

"Lamulo silidziwa bungwe. Dzukani."

"Nditati ndipite chafutambuyo, nditatseka maso?"

"Ndiye muona bwanji za m'kati?"

"Inu muziona, muzindiuza."

"Nanga mlonda pano ndi ndani?"

"Kapena nditenge nsungwi yayitali, ndizitokosa ndili konkuno?"

"Mwanza!"

"Kapena chikwamacho chitsale panja, iwo alowe okha?"

"Chikabedwa mulipira ndinu?"

"Chikabedwa ndithamangitsa wakubayo, bwana. Koma ndikamugwira, chikwamacho azinyamula yekha pobwerera."

A Miti anagwira mutu ndi manja awiri. Alfonsi anasendera pang'ono, natsitsa mawu kuti asafike pamsewu.

"Bwana, ndimvereni. Ndikapisa manja angawa m'chikwama chimenecho, pamsewu, anthu onsewa akuona, dzuwa lisanalowe Chiparamba yense adziwa. Adzati mkamwini wa a Namwale wawavula ulemu apongozi ake pa boma. Lena sandipatsa. Ndikapanda kupisa, inu simundilemba. Lena sandipatsanso."

"Ndiye sankhani."

"Ndasankha, bwana. Ndikhala pompano."

"Kumeneko si kusankha, ndi kunyonyomala!"

"Bwana inu, tigona pano kodi?" pamzere panamvekanso mawu, tsopano a anthu atatu.

"Chabwino!" a Miti anakuwa. "Taonani mmene mwamuna amasechera chikwama!"

Anatuluka kachisanu, nagwada pafumbi ndi buluku lawo losita, nakoka zipi. Anatulutsa chitenje chopinda. Anatulutsa kapulasitiki ka mtedza wokazinga. Anatulutsa korona ndi buku la nyimbo. Pansi penipeni panali chinthu cholemera, chokulungidwa m'nyuzipepala yakale. Atafunyulula anapeza nsapato zakuda zaulonda, zija zofika m'akakolo, zakale ndithu koma zopukutidwa mpaka kung'anima.

"Izi n'zandani, amayi?"

"Za malemu amuna anga," anatero a Namwale, osatembenuka. "Analondera depoti ya thonje zaka khumi ndi zisanu, sipanasowe ngakhale thumba limodzi. Chimwalirire sindinalole munthu kuzikhudza. Dzulo ndazitsitsa, ndazipukuta. Ndinati mlonda wa boma asakayambe ntchito ndi nsapato zotulutsa chala."

Kuseri kwa kanyumba, Alfonsi anayang'ana phazi lake lamanja, pamene chala chachikulu chinkasuzumira panja. Zaka zinayi ankakhulupirira kuti apongozi akamuona amaona khasu loyenda ndi miyendo iwiri. Kani ankaona mpaka chala! Misozi inamulengeza, ndipo anaipukuta ndi chikuto cha buku la alendo.

A Miti anaima ndi nsapatozo m'manja kwa kanthawi, kenaka anaziika pansi pafupi ndi geti, nabweza zina zonse m'chikwama.

"Lowani, amayi. Khalani pa benchi ilo, pansi pa mtengo wa mango."

A Namwale analowa chozyolika, nkhope ataitembenuzira kumbali, nakakhala pabenchipo chofulatira kanyumba. Anthu apamzere a Miti anawalowetsa onse ndi dzanja limodzi, osalemba, osasecha. Kenaka analowa okha.

"Dzina, bwana?" mawu anatuluka kuseri.

"Siyani zimenezo. Tulukani, adutsa."

Alfonsi anatuluka, akuwongola mawondo.

"Nsapatozo n'zabwino," anatero a Miti, "ndipo amayiwo ndi munthu. Koma ine ndinanena. Mlonda wothawa mlendo si mlonda. Mwalephera."

"Kwatsala mphindi zisanu ndi imodzi, bwana."

"Kwa ine ola latha." Analemba papepala, nalembanso mzere pansi pake. "Ndanena, ndanena."

Pabenchi paja a Namwale sanatembenuke, koma mapewa awo anatsika. Alfonsi anaona, ndipo zinamupweteka kuposa mawu a bwana. Anapereka buku ndi manja awiri, napita kukatenga njinga yake. Nsapato zija sanaziyang'ane n'komwe.

"Musandione ngati woipa," a Miti anayamba kumulangiza chakumbuyo, poti munthu wouma mutu akapweteka mnzake amafuna amuthokozenso. "Dziko linasintha, Mwanza. Apongozi ndi munthu ngati ine ndi inu. Mumawayang'ana m'maso, mumawagwira chanza. Ine amake a Molly akabwera..."

Njinga yonyamula anthu inaima panja pa geti. Panatsika mayi wojintcha, wa chitenje cha Chikatolika, dengu la nthochi m'manja, mawu ake omveka mpaka kumsika.

"Odi kuno! Kodi maofesi amene amagwirako a Miti ndi anowa? Ndachokera ku Madzimoyo, mwana wanga Molly ndamupeza kulibe kunyumba!"

Alfonsi anatembenuka kuti amve yankho la bwana. Pageti panali pepala lokha ndi bolopeni, ikugubuduzika pansi.

Anatsamiritsanso njinga, natola pepalalo ndi bolopeni, nazungulira kanyumba. A Bizwell Miti, oyang'anira antchito, anali atanyonyomala pamalo omwe aja, pakati pa khoma ndi mpanda, nkhope kukhoma, tayi ikukhudza fumbi. Sukulu inali m'mutu ndithu, koma miyendo inakulira kumudzi, ndipo sinadikire kufunsa mutu.

"Bwana? M'mimba?"

"Shhh! Tsitsani mawu!"

"Mwapatuka?"

"Ndikuyendera mpanda!"

"Kodi si aja a tebulo limodzi?"

"Tebulo lake ndi limodzi, inde. Iwo amadyerapo masana ine ndili kuno, ine ndimadyerapo iwo atabwerera kwawo."

"Nanga mpira?"

"Iwo amaonera ku Madzimoyo, ine kuno. Mpira wake ndi umodzi womwewo! Mwanza, musandifunse mafunso, pitani mukawaimitse!"

"Odi! Kodi pageti pano palibe munthu?" Mawu aja anali atayandikira. "Ndingolowatu ine!"

"Akufunsa kumene muli, bwana."

"Auzeni kuti ndatuluka."

"Simunatuluke. M'buku mwalembedwa kuti munalowa. Ndipo kunamiza akuluakulu sindinaphunzire."

"Ndiye musawauze kanthu! Lamulo lachitatu!"

Alfonsi anapukusa mutu mwachisoni. Munalibe chinyengo m'maso mwake, munthuyo ankangonena zimene zinalipo.

"Lamulo limenelo ndi la mlonda wa boma, bwana. Ine ndine munthu wa ku Chiparamba wolephera mayeso. Mayi wamkulu akandifunsa, ndimayankha."

"Simunalephere!"

"Munanena, bwana. Ndipo inu mukanena, mwanena."

"Ndabweza!"

Mbalame za mumtengo wa mango zikanadziwa kulemba zikanalemba tsiku limenelo, chifukwa mawu amenewo anali asanatulukepo pakamwa pa a Miti chiyambire ntchito.

"Papepala palembedwa kuti ndalephera, bwana. Pali ndi mzere pansi."

"Bweretsani kuno!"

Anatsamiritsa pepalalo pabondo, nafufuta, nalemba WAPAMBANA ndi zilembo zazikulu zokhotakhota, nasaina.

"Tsiku, bwana."

"Mwanza, akulowa!"

"Popanda tsiku ku ofesi akana."

Analemba tsiku. Alfonsi anawerenga pepalalo kuyambira pamwamba mpaka pansi, milomo ikuyenda, nalipinda bwinobwino, naliika m'thumba la malaya. Kenaka anatenganso buku ndi bolopeni kwa bwana, nathamangira pageti, nakweza dzanja.

"Imani pomwepo pang'ono, amayi. Mlonda akuvala."

Anavula nsapato zake zotulutsa chala, naponda m'nsapato za malemu. Zinali zokulirapo pang'ono, koma atamanga zingwe n'kuimirira anamva ngati watalika. Anapondetsa kawiri pasimenti: gu! gu!

Pabenchi paja a Namwale anamva kulira kwa nsapato kumene anali asanakumve zaka zambiri. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nayang'ana m'mwamba, nalankhula ndi mtengo, poti munthu wodutsiramo mawu anali wotanganidwa ndi mpanda.

"Mtengo wa mango iwe, ukawauze akamwini anga kuti Lena anamanga kale katundu Lolemba. Ndinamuthandiza ndine."

Alfonsi anagwira chitsulo cha geti.

"Geti iwe, uwauze amayi kuti ndathokoza. Uwauzenso kuti mtedza wa chaka chino ndidzabwera kudzakumba ndithu."

"Kodi pa boma pano mumalankhula ndi mitengo?" anafunsa mayi wa nthochi uja.

"Nthawi zina, amayi. Dzina lanu?"

"Getrude Tembo, wa ku Madzimoyo."

Alfonsi analemba mosamala, nasecha dengu nthochi imodziimodzi, napeza kampeni kosendera, nakasunga pazenera la kanyumba kuti adzakatenge potuluka. Zonse anachita mwaulemu ndi mwadongosolo, moti a Miti, akumvetsera kuseri, anapumira m'mwamba nati mumtima: koma mlonda ndalemba! Wotchi ya m'khonde inagunda teni koloko.

"Wagwira bwino ntchito, mwana wanga," anatero mayi Getrude. "Tsopano tandiuza, akamwini angawo, a Miti, ali kuti?"

Alfonsi anagundanitsa zidendene, nawongola chifuwa, nayankha mokweza kuti bwana amve okha kuti lamulo lasungidwa.

"Pepani kwambiri, amayi. Ine ndine mlonda wa boma, ndipo lamulo lachitatu silindilola kukuuzani kuti bwana anyonyomala kuseri kwa kanyumbaka."